ZA MBALAME YOLINDIRA MPHEPO

Phunziro lathu la mwezi uno liyamba ndi chinthu chimene yense wa ife achidziwa bwino, ndicho kulindira. Pofika mwezi wa October kuno ku Mchinji mizere yatha kupangidwa, mbeu iri m'nyumba, nyenje zirikulira m'mitengo, ndipo munthu akaturuka m'mamawa ayamba wapenya kumwamba asanapenye nkhope ya mnzache. Uyu alindira mvula. Uyo alindira kumva ngati dzina lache lalembedwa pamodzi ndi olandira fetereza wotsika mtengo. Nkhalamba ina ilindira ndalama za mwana wache wa ku Joni, nifunsa tsiku ndi tsiku ngati lamya yalira. Tikakomana pa njira tiuzana kuti tiri bwino, koma mitima yathu siiri ndi ife iai. Iri kumene kuli chinthu tichilindiracho.

Kudali munthu m'dziko la China, zaka monga 2,300 zapitazo, amene anasinkhasinkha za kulindira kumeneku, nanena kuti ndiko kumanga mtima wa munthu kuti usayende mwaufulu. Dzina lache ndiye Zhuang Zhou, koma anthu a kwao amutchula Zhuangzi, ndiko kuti Mphunzitsi Zhuang. Polinena dzinali limveka ngati Jwang-dzi. Kapena wina adzati, Nanga ife tiri nacho chiyani ndi nzeru za anthu akutali, osapembedza monga tipembedza ife? Timuyankha kuti si ife oyamba kufunsira nzeru kumeneko. James Legge, mmishoni wa ku Scotland, anakhala zaka zambiri ku Hong Kong alikuphunzira mabuku akale a Achina, ndipo m'chaka cha 1891 anasindikiza buku la Zhuangzi m'Chingerezi. Bungwe limene linamtuma iye, la London Missionary Society, ndi lomwelo linatuma David Livingstone. Ndipo Livingstone mwini poyamba anafuna kunka ku China, koma nkhondo ya Angerezi ndi Achina imene inabuka m'chaka cha 1839 inamtsekera njira, natembenukira ku Africa. Tsono tiwerenge mosaopa, tiyese mau a mkuruyu monga mai ayesa ufa ndi zala, kuti tione posalala ndi pokhala misere.

Mwini nkhani ndi buku lache

Anthu ophunzira ayesa kuti Zhuangzi anabadwa chaka cha 369 ndi kumwalira chaka cha 286 asanabadwe Kristu, kapena pafupi ndi zaka zimenezo. Inali nthawi yoipa: dziko la China linagawanika maufumu ambiri olimbana okhaokha, ndipo mafumu anafunafuna anthu anzeru kuti akhale nduna zao. Munthu wodziwa kulemba ndi kulankhula anakhoza kukwera msanga, nakhozanso kudulidwa mutu msanga. Mlembi wa mbiri, Sima Qian, amene analemba patapita zaka monga 200, anena kuti Zhuangzi anali wa ku Meng, nagwira kantchito kakang'ono koyang'anira munda wa mitengo ya utomoni wopaka ziwiya. Buku lodziwika ndi dzina lache liri ndi mitu 33. Ambiri abvomerezana kuti mitu 7 yoyamba ndiyo ya iye mwini, ndi kuti inayo anaonjeza ophunzira ache ndi anthu a m'mbuyo; chifukwa chache nthano zina tidzazinena pano nza ophunzirawo, zosimba za mphunzitsi wao.

Chiphunzitso chimenechi chitchedwa cha Tao, ndipo mkuru wina wochitchukitsa ndiye Laozi. Mau akuti Tao atanthauza njira. Koma si njira ya kudambo kapena ya kumsika, ndiyo mayendedwe a zinthu zonse, umo zibadwira, zikulira, zisandulikira ndi kubwerera kumene zinachokera, popanda wozikankha.

Mutu woyamba wa bukuli uyamba ndi nthano. M'nyanja ya kumpoto mudali chinsomba chachikuru, dzina lache Kun, chosadziwika utali wache. Chinsombacho chinasandulika mbalame, dzina lache Peng, ya mapiko onga mitambo yophimba thambo. Mbalameyo ikafuna kunka ku nyanja ya kumwera ikwera m'mwamba miyeso ya kwao yotchedwa li yokwanira 90,000. Chiwerengocho musabvutike nacho, chingotanthauza kutali kosaneneka. Koma taonani, ingakhale iri yaikuru chotero, siikhoza kunyamuka tsiku liri lonse ifuna. Iyenera kulindira chimphepo chachikuru chiunjikane pansi pa mapiko ache. Mwini nthano afanizira ndi madzi: mukathira chikho cha madzi pa kadzenje ka pabwalo, kaudzu kayandama pamenepo ngati bwato, koma mukaikapo chikho chomwecho chikhala pansi, pakuti madzi achepa. Momwemo phiko lalikuru lifuna mphepo yakuya.

Pamenepo nyenje ndi kanjiwa ziseka mbalame ija. Izo zikati ziuluke zingolumphira pa mtengo wapafupi, ndipo zikalephera zigwa pansi, osapwetekeka. Nanga ulendo wonsewo ngwa chiyani? Ife powerenga tifulumira kunyoza nyenje, ndi kutama Peng. Koma tisafulumire. Nyenje nayo ilindira nthambi yoti iterepo, ndipo chimbalame chilindira mphepo. Kusiyana kwao nkwakuti china chilindira chinthu chaching'ono, china chachikuru.

Atatha za mbalame, Zhuangzi atembenukira kwa anthu, nawaika monga pa makwerero. Pansi aika munthu amene nzeru zache zikwanira udindo umodzi, wokondweretsa mfumu imodzi ndi mudzi umodzi, nadziyesa wamkuru. Ameneyo ndiye nyenje. Pamwamba pache aika mkuru wina, Song Rongzi, amene dziko lonse likamtama sanaonjeze changu, ndipo dziko lonse likamnyoza sanagwe mphwayi. Pamwambanso aika Liezi, amene nthano inena kuti anayenda wokwera pa mphepo, nabwera atapita masiku 15. Munthu wotere sasowa nsapato kapena kamba wa paulendo. Tikadamuona ife tikadati ufulu wathera pamenepo. Koma Zhuangzi ati ngakhale Liezi anali nacho chochilindira, ndicho mphepo yomweyo. Ikaleka kuomba, Liezi akhala pansi monga tonsefe.

Mau a Chichina amene ali pamenepa ndiwo dai, ndipo mau amodziwo anyamula zinthu ziwiri zimene ife tizitchula padera, kulindira ndi kudalira. Tikaganiza bwino tiona kuti nzoona: chimene uchidalira ndicho uchilindira, ndipo amene achigwira m'dzanja lache ndiye akuuza tsiku loseka ndi tsiku lolira. Pamwamba pa makwerero onse Zhuangzi aika munthu amene sasankha mphepo imodzi, koma ayenda nayo nyengo iri yonse imfikira, dzuwa kapena mvula, kulemera kapena kusauka. Munthu wotere, ati iye, waleka kudzisamala yekha, waleka kuwerenga ntchito zache zabwino, walekanso kufuna dzina.

Galu wa mfumu

Makolo athu anati, galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Mwambiwu uli ndi mano mbali ziwiri. Inde agalu anzache amuopa. Koma ulemu wachewo suli wache, uli wa mwini khomo, ndipo tsiku lakufa mfumu iye abwerera kukhala galu wamba wolandidwa fupa. Ophunzira a Zhuangzi anasimba kuti tsiku lina mphunzitsi wao analikuwedza nsomba mu mtsinje wa Pu, ndipo mfumu ya dziko la Chu inatuma nduna ziwiri kukampempha kuti adzayendetse zinthu za ufumu wache. Iye sanacheuke, ndodo ya mbedza iri m'manja. Anawakumbutsa za kamba wopatulika wa ku Chu, amene adafa zaka 3,000 kale, ndipo mfumu isunga chigoba chache m'bokosi, chokulungidwa m'nsaru, m'kachisi wa makolo. Nawafunsa ngati kambayo akadakonda kufa kuti mafupa ache alemekezedwe, kapena kukhala ndi moyo alikukoka mchira wache m'matope. Ndunazo zinabvomera kuti akadasankha matope. Pamenepo anaziuza kuti zizipita, iyenso atsala m'matope mwache. Sima Qian asimba nkhani yofanana, koma m'malo mwa kamba muli ng'ombe ya nsembe, imene aidyetsa bwino zaka zingapo, naibveka nsaru zokometsera, kufikira tsiku loilowetsa m'kachisi. Tsiku limenelo ikadakonda kukhala kankhumba kosasamalidwa, koma nthawi yatha.

Tisayese kuti phunziro ili likhudza nduna za mafumu zokha. Mudzi uli wonse uli nayo mipando yache. Alipo munthu amene sagona tulo chifukwa pa maliro sanampatse mpando, anakhala pa mphasa pamodzi ndi anthu wamba. Alipo mai amene mtima wache uwawa sabata lamphumphu chifukwa polengeza za opereka thandizo dzina lache linaiwalika. Ndipo ife amene tiimirira pamaso pa anthu kuphunzitsa tisadzipatule, pakuti nthenda iyi tiidziwa: tikatsiriza kulankhula makutu athu atsalira pakhomo, kumvetsera ngati wina anena kuti lero mwatidyetsa. Akapanda kunena, nsima ya tsiku limenelo siikoma. Munthu wotere palibe wammanga chingwe, koma mudzi wonse ugwira nsonga ya mtima wache, ndipo mwana wamng'ono yemwe akhoza kuukoka. Song Rongzi uja anamasuka pa chingwe chimenechi, ndipo tiyesa kuti ambiri a ife tikadafika pa iye pokha tikadapuma kwambiri.

M'mutu wachitatu muli fanizo lalifupi la mbalame ya m'dambo yonga nkhwali. Iyenda mapazi 10 kuti itole kambeu kamodzi, ndi mapazi 100 kuti imwe madzi kamodzi. Koma siipempha kuti aiike m'chitatanga, mungakhale m'menemo ikadadya yokhuta. Fanizo ili ife a ku Mchinji sitisowa wotimasulira. Zaka zambiri m'maesiteti a fodya a m'boma lino ndi a ku Kasungu munali matenanti, anthu ochokera kutali ndi akazi ndi ana ao. Mwini esiteti anawapatsa phoso, fetereza ndi makasu, zonse pa ngongole. Ndipo pogula fodya wao kumapeto kwa chaka anayamba wachotsa ngongoleyo. Ambiri anapeza kuti chotsala sichikwanira ngakhale ulendo wobwerera kwao, nakhalanso chaka china. M'chaka cha 2021 lamulo la dziko linaletsa utenanti. Sitinena izi kuti tinyoze anthu amenewo, pakuti chinawalowetsa m'menemo ndi kusowa munda ndi njala, si ulesi iai. Koma amene anakhalamo adziwa kulemera kwache kwa nsima imene mwini wache akhoza kuibweza tsiku liri lonse: udya, koma sukhoza kutsutsa, uona choipa, koma pakamwa pako patsekedwa ndi phoso.

Ndiponso tiri nao a Liezi athu. Akuru ambiri m'midzi yathu anakweradi pa mphepo, pamene a Wenela anali kunyamula anthu pa ndege kunka nao ku migodi ya ku South Africa. Anabwera ndi njinga, mabulangete, masuti ndi ndalama za malata, ndipo anyamata otsala anawayang'ana monga anthu omasuka ku khasu. Koma mu April 1974 ndege yobweza anthu kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nafa Amalawi oposa 70. Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 anabwerera kwao. Mphepo inaleka. Amene anasunga munda ndi ng'ombe anatera pofewa. Amene anaika moyo wao wonse pa ulendo wotsatira anakhala pa khonde alikulindira, ena kufikira imvi.

Nanga mbuye wogwira chingweyo ndiye mfulu kodi? Zhuangzi ayankha ndi nthano ya chithunzithunzi. Mukapenyetsa chithunzithunzi cha munthu padzuwa, muona kuti m'mphepete mwache muli kamthunzi kena kotuwa. Kamthunzi kameneko kanadandaula kwa chithunzithunzi kuti nchosakhazikika: tsopano chiyenda, tsopano chiima, tsopano chikhala pansi. Chithunzithunzi chinayankha kuti icho chitsata thupi, ndipo kapena thupilo nalonso liri nacho china chimene lichitsata. Momwemo tenanti anayang'ana mwini esiteti, mwini esiteti anayang'ana mtengo wa ku okushoni ku Kanengo, ogula a ku Kanengo anayang'ana makampani a kutsidya kwa nyanja, ndipo iwonso ayang'ana ngati anthu a maiko ao apitiriza kusuta. Mukakwera kufuna mwini chingwe weniweni simumpeza. Yense ali chithunzithunzi cha wina.

Chotsutsa chachikuru

Tsono tifike pamene pabvuta, pakuti tidziwa kuti wina wa inu wayamba kale kung'ung'udza. Ati, Mau awa ngokoma kwa munthu wokhuta. Ine ndiri ndi ana asanu. Ndikaleka kulindira mvula ndidzawadyetsa nthano kodi? Funso ili nlabwino, ndipo tisalithawe.

Choyamba tidziwe kuti Zhuangzi sanali wokhuta. Buku lomwelo lisimba kuti m'nyumba mwache munatha chakudya, napita kwa mkuru wina wolemera kukabwereka mapira. Mkuruyo anabvomera ndi mau okoma, nati ayambe walandira msonkho wa m'dziko lache, ndipo pamenepo adzamkongoza ndalama zambiri za golidi. Zhuangzi anapsa mtima, namuuza kuti dzulo lache pa njira anamva mau akumuitana, napeza kansomba m'kathaphwi kamene gudumu la ngolo lidasiya. Kansombako kanapempha madzi a m'chikho chimodzi. Iye anakalonjeza kuti apita kwa mafumu a kumwera akapatutse mtsinje waukuru udzafike pamenepo. Ndipo kansomba kanayankha mokwiya kuti ngati nditero, adzakafune pa msika pamene agulitsa nsomba zouma. Amene anaona njala ya 2002, pamene chimanga chinasowa m'misika ndipo boma linalengeza za tsokalo mu February anthu atayamba kale kufa, adziwa kuti thandizo la mawa silipulumutsa wa njala ya lero. Munthu wosimba nthano yotere sanganene kuti mimba ilibe kanthu.

Chifukwa chache ife tiyesa kuti chimene Zhuangzi achitsutsa si kusowa kwa thupi. Thupi lisowa madzi, nsima ndi pogona, ndipo lidzazisowa kufikira kumanda. Chimene achitsutsa ndicho mtima umene watenga mtendere wache wonse, nuupachika pa msomali umodzi wa m'nyumba ya mwini. Alimi awiri alindira mvula imodzimodzi. Ikachedwa, wina asanduka chirombo pa banja pache, akalipira mkazi, ayamba kunong'ona kuti nkhalamba yakuti yamanga mvula, nataya ndalama zotsala kwa woombeza. Mnzache nayenso amva chisoni, pakuti si mwala. Koma apita kudimba, abzala mbatata ndi chinangwa, nakhalabe munthu yemweyo amene anali mvula isanachedwe. Onse awiri asowa mvula, koma womangidwa ndi mmodzi. Muyeso wache ndi uwu: chinthucho chikachotsedwa, kodi munthu atsala, kapena apita nacho pamodzi?

Achina eni ache anakangana pa nkhani imeneyi zaka mazana. Guo Xiang, amene anamwalira chaka cha 312 atabadwa Kristu, ndiye anakonza bukuli kukhala mitu 33 imene tiri nayo lero, nalemba ndi kumasulira kwache. Iye anaphunzitsa kuti Peng ndi kanjiwa ziri mfulu chimodzimodzi, chiri chonse chikakhala monga mwa chibadwidwe chache ndi kupeza chimene chichisowa; chachikuru chisanyoze chaching'ono, chaching'ono chisasirire chachikuru. Mau amenewa atonthoza, ndipo muli choona m'menemo, pakuti theka la mabvuto athu lichokera pa kuyang'ana nkhokwe ya mnzathu. Koma pambuyo pache Zhi Dun, mmonke wa chipembedzo cha Buddha amene anakhala ndi moyo kuyambira 314 kufikira 366, anatsutsa. Anati ngati ufulu uli kungotsata chibadwidwe, ndiye kuti Jie, mfumu yankhanza ya makedzana, ndi Zhi, mkuru wa achifwamba, analinso mfulu, pakuti kuononga ndiko kunawakomera. Apa ife tiima ndi Zhi Dun. Ndipo tionjeza kuti chiphunzitso cha Guo Xiang chikagwa m'manja mwa mwini esiteti chisanduka chikoti: adzauza tenanti kuti iwe ndiwe kanjiwa, kondwera ndi nthambi yako. Zhuangzi amene anakana mfumu ya Chu sanalembe nthano zache kuti zithandize mafumu kugoneka anthu.

Palinso fanizo lina limene litibvuta koposa, ndipo sitidzalibisa. Kasupe akaphwa, nsomba zitsala pamtunda pamodzi, nizinyowetsana ndi thobvu la m'kamwa mwao kuti zisafe. Ife tikamva chotero titi, Ha, chikondi chache! Koma Zhuangzi ati kukadakhala bwino koposa zikadakhala m'nyanja yakuya, kumene ziiwalana. Kodi mau otere angalowe m'mudzi mwathu? Ife tinaleredwa ndi mau akuti mutu umodzi susenza denga, ndi akuti kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Tilima dima, tisenzerana denga, ndipo palibe munthu adziika yekha m'manda. Ngakhale mfumu ilindira adzukulu. Munthu wonena kuti sasowa mnzache timuyesa wodzikuza, kapena woipirapo. Pamenepa sititsagana naye mkuruyu njira yonse. Kuthandizana sikuli chizindikiro cha tsoka chokha; kulinso chokondweretsa cha moyo, ndipo mwana woyamwa sali kapolo wa amache.

Koma tisataye fanizolo msanga, pakuti liri ndi munga umene utilasa poyenera. Kulipo kuthandiza kwina kumene kukonda kuti kasupe akhale wouma. Alipo wachibale amene akupatsa chimanga chaka ndi chaka, koma sadzakubwereka ng'ombe kuti ulime chako, chifukwa akonda kukuona pakhomo pache uli chogwada. Alipo ofuna maudindo amene akumbuka mudzi pa nyengo ya chisankho, nagawa nsaru ndi ndalama zakumwera tiyi, koma mlatho ukhala wothyoka. Ndipo alipo olandira amene azolowera thobvu, naleka kufunsa kumene madzi anapita. Pamene anthu ali m'madzi akuya, yense ali ndi munda wache ndi nkhokwe yache, achezerana chifukwa cha kukondana, osawerengerana mangawa. Ndiko kuiwalana kumene ife tikumva m'fanizoli, kuiwala amene anapatsa ndi amene analandira.

Akristu adzafunsanso kuti, Nanga ife amene tiphunzitsidwa kutsamira pa Mulungu, kodi kumeneko nakonso nkumangidwa? Tinene zoona, osasakaniza zinthu zosiyana. Tao wa Zhuangzi sali munthu, alibe makutu akumva pemphero, ndipo satchedwa Atate. Munthu sampempha kanthu, angoleka kulimbana ndi mayendedwe ache. Apa njira ziwirizi zipatukana ndithu, ndipo wonena kuti ziri chimodzimodzi sanamvetse iri yonse. Koma funso la mkuruyu litsata munthu kulowa naye ndi m'nyumba ya mapemphero momwe. Wopemphera kuti alandire mvula, ntchito kapena mwana, amene asiya kupemphera zikapanda kufika, nayamba kuyendayenda kufuna mneneri wamphamvu koposa, ameneyo analikulindira mphepo chabe, monga Liezi.

Tsiku la maliro

Chingwe chotsiriza, chimene chiri cholimba koposa zonse, ndicho cha moyo weniweniwo, wathu ndi wa okondedwa athu. Zhuangzi anali ndi bwenzi lache, Huizi, munthu wa makani amene anakhalapo nduna yaikuru ya mfumu ya ku Liang. Awiriwa anatsutsana moyo wao wonse, nakondana momwemo. Mkazi wa Zhuangzi atamwalira, Huizi anapita kukapepesa maliro. Anampeza atakhala pansi chotambalala, alikuomba mbiya ngati ng'oma, naimba. Tangoganizani chikadachitika kwathu kuno: akuchikazi akadaimitsa maliro, ndipo dzuwa lisanalowe mlandu ukadafika kwa anyakwawa, anthu alikunong'onezana kuti wamudya yekha.

Huizi nayenso anakhumudwa. Anamkumbutsa kuti mai ameneyu anakhala naye zaka zonse, namlerera ana, nakalamba m'nyumba mwache. Kusalira kokha kukadakwanira kukhala chipongwe, nanga kuimba? Zhuangzi sanakane chisoni chache. Anati poyamba, mkaziyo atangotsirizika, iyenso anasweka mtima monga munthu ali yense. Koma anakhala pansi nalingalira za chiyambi cha mkazi wache: kuti kudali nthawi imene analibe moyo, analibe thupi, analibe ndi mpweya womwe, ndipo mwa kusandulika kunadza mpweya, kunadza thupi, kunadza moyo, ndipo tsopano kwadza kusandulika kwina, monga dzinja lipatsa malo masika, ndi masika apatsa malo chirimwe. Mkaziyo wagona phee m'chinyumba chachikuru cha kumwamba ndi pansi, ndipo iye anaona kuti kuima pambali pache ndi kupfuula kukadakhala kusazindikira mayendedwe a zinthu. Pamenepo analeka kulira.

Nkhaniyi iri m'mutu wa 18, ndipo ithera pomwepo. Bukulo silinena kuti Huizi anabvomera, kapena kuti anakhala pansi kuimba naye.